Cifuwa ca ku Migodi ndi Odwazika a Kumudzi

M'midzi yambiri ya dziko la Malawi, ndi kum'mawa kwa Zambia komwe, anthu akulu akumbukirabe kafikidwe ka munthu wocokera ku Joni. Tsikulo linali la cimwemwe. Anali kutsika galimoto pamseu, anyamata namsenzera bokosi lace lacitsulo, ndipo madzulo mudzi wonse unali kusonkhana kudzaona mabulangete, nsalu ya mkazi, cikhoti ca apongozi, mwinanso njinga yatsopano. Koma mwa amuna obwera coterewo munali ena amene anadza ndi katundu wina wosalowa m'bokosi. Pakapita miyezi, kapena zaka zingapo, anansi anali kumva munthu uja alikutsokomola tambala asanalire. Pokwera kacitunda anali kuima kawiri kuti apume. Khasu linayamba kumlemera. Mbiri ya ulendo wa ku migodi yakambidwa kawirikawiri, ndipo okamba amachula ndege, ndalama ndi mapangano a maboma. Zimene zinali kucitika m'nyumba ya munthuyo atayamba kudwala sizikambidwa kwambiri, cinkana kawirikawiri zinatenga zaka zoposa zimene iye anakhala pansi pa mgodi.

Golide anapezeka ku Witwatersrand caka ca 1886, ndipo pasanapite nthawi eni migodi anayamba kufunafuna anchito kutali. Caka ca 1903 Boma la British Central Africa, dziko limene pambuyo pace linachedwa Nyasaland, linalola bungwe lao lolemba anthu, limene anthu analicha Wenela, kuti litenge amuna m'dzikomo. Ambiri a amuna ocokera ku maiko otentha anafa ndi cibayo m'makomboni ozizira a ku Johannesburg, kotero kuti caka ca 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Lamulolo silinatseke njira, pakuti msonkho unali kufunikabe caka ndi caka, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Anthu anali kupita okha wapansi, kuoloka Zambezi pa Tete. Ena anali kuima m'mafamu a ku Halale kapena pa mgodi wa malasha wa Wankie, ena napitirira mpaka ku Joni. Caka ca 1935 Boma linaika bungwe lofufuza za anthu ocoka m'dziko, lotsogozedwa ndi Bwana Travers Lacey, ndipo linawerengera kuti amuna 120,000 anali kunja, ndiko kunena woposa mmodzi mwa amuna anai ali onse. M'zaka zomwezo za 1930 ciletso cija cinacotsedwa. M'zaka za 1950 Wenela inayamba kunyamula anthu pa ndege kukawatula ku Francistown, kumene anali kukwera sitima ya pamtunda, ndipo pofika 1973 Amalawi ogwira nchito m'migodi ya South Africa anaposa 100,000.

Nthenda zimene anali kubwera nazo zinali ziwiri, zoyenda pamodzi ngati mkulu ndi mphwace. Yoyamba inali ya pfumbi. Golide wa ku Witwatersrand ali m'mwala wouma koposa, ndipo pobowola ndi kuphulitsa mwalawo pamabuka pfumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limalowa mpaka m'kati mwa mapapo ndi kusiyamo zipsera. Mapapo amauma pang'onopang'ono, mpweya nucepa. Azungu a nthawiyo anaicha miners' phthisis. Madotolo a lero amaicha silicosis. Iribe mankhwala ocizira kufikira lero, ndipo imapitirira kukula ngakhale munthu atacoka kumgodi kalekale. Yaciwiri inali cifuwa cacikulu, cimene kacirombo kace kanapezedwa ndi Robert Koch caka ca 1882. Kacirombo kameneka kamayenda m'mpweya, cifukwa cace kanali kufala mosabvuta m'zipinda za komboni mmene amuna ambirimbiri anali kugona mosanjikizana pa makama a simenti. Ndiponso mapapo olasidwa kale ndi pfumbi ndiwo amagwidwa msanga.

Kuyambira 1912 panali malamulo olipira anchito odwala nthenda ya pfumbi. Koma malipo a munthu wakuda anali ocepa ndithu poyerekeza ndi a Mzungu, ndipo anali kuperekedwa kamodzi kokha. Wopezeka ndi nthenda anali kusungidwa m'cipatala ca mgodi kufikira atapeza mphamvu zoyendera, nabwezedwa kwao. Amene nthenda yace inaonekera atafika kale kumudzi sanali kulandira kanthu, popeza panalibe womjambula m'cifuwa ndi kumlembera umboni. Motero mgodi unadya zaka za mphamvu za munthu, ndipo zaka za kudwala unazitumiza kumudzi, kwa mkazi amene sanaone nkomwe khomo la mgodiwo.

Kuti cidziwike bwino cimene cinali kumgwera mkaziyo, payenera kukumbukika makhalidwe a ukwati wa m'midzi. Pakati pa Acewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mwambo waukulu unali wa cikamwini. Mwamuna anali kucoka kwao kukamanga nyumba kwa mkazi; munda unali wa mbumba ya mkazi, ana nawonso anali a kucikazi, oyang'aniridwa ndi malume wao. Ulemu wa mkamwini pamudzipo unali m'manja mwace: kuswa mphanje, kumanga nkhokwe, kufolera denga, kupezera mkazi nsalu ndi kulipira msonkho wa nyumba. Akacoka kupita ku Joni, nchito zonsezo zinali kutsalira mkazi ndi alongo ace, ngati iwonso sanapite. Margaret Read, amene anayendera midzi ya Nyasaland caka ca 1939, anapeza kuti midzi ya Angoni, kumene mkazi anali kukhala kwa mwamuna pakati pa abale a mwamunayo, inali kupirira kusowa kwa amuna koposa midzi ya Acewa, kumene maukwati anali kutha msanga. Pambuyo pa nkhondo yaciwiri maboma anapangana kuti gawo la malipiro a wanchito lidzisungidwa kuti akalilandire kwao, ndi gawo lina lidzitumizidwa kwa banja lace. Izi zinathandiza ndithu, koma ndalama yosungidwayo inali kutha m'caka cimodzi, pamene cifuwa cinali kungoyamba kumene.

Tsono mwamuna wodwala m'mudzi wa cikamwini anali pamalo pobvuta. Anali mlendo amene wasiya kugwira nchito imene anadzera. Apongozi ena anali kumsunga bwino, pokumbukira mabulangete ndi misonkho imene analipira akali wamphamvu. Ena anali kung'ung'udza kuseri. Pakati pao panali mkazi.

Tsiku la mkazi wotere linali kuyamba kusanace. Anali kukoleza moto pafupi ndi mphasa ya wodwala, pakuti thukuta la usiku linali kumsiya akunjenjemera. Anali kukataya cigoba ca makhololo, kuphika phala losalala, ndi kumtsamiritsa mwamunayo pa cipupa, cifukwa munthu wa mapapo ouma sapuma bwino akagona cagada. Atatero anali kusenza mtsuko kunka kudambo, nabwera, natenga khasu. Nthenda siidikira nyengo, koma munda ndiwo uli ndi nyengo zace: kusosa m'cirimwe, kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira ndi kubandira m'Januwale, ndipo wocedwa masabata awiri amakolola theka. M'zaka za 1950 Boma linaumiriza malamulo a malimidwe, akuti munda uli wonse ukhale ndi mizere yopingasa ndi migula, wolakwira nalipitsidwa kubwalo. Alangizi oyendera minda anali kuyang'ana mizere, za amene wagona m'nyumba siinali nkhani yao. Masana mkazi anali kubwerera kudzamtulutsa wodwala pakhonde kuti aothe dzuwa. Amuna ambiri otere anaphunzira nchito za pamphasa, monga kuluka madengu ndi malicero, kusoka mphasa, kusema mipini ndi kuyang'anira ana, kuti asaoneke ngati ongodya. Panali maukwati ena amene anakoma m'zaka zimenezi koposa kale, pakuti anthu awiri amene anakhala motalikirana zaka khumi ndi pamene anayamba kuceza ndi kudziwana. Koma nyumba inali yaing'ono, yopanda zenera, yotsekedwa ndithu usiku cifukwa ca afisi ndi mphepo, ndipo ana ang'ono anali kugona momwemo. Kawirikawiri caka cisanathe cifuwa cinali citalowa mwa mwana wa kubere, kapena mwa mai wace.

Cowawa koposa nchito cinali mlandu. Makolo anali ndi ciphunzitso ca mdulo, cimene ena amati tsempho. Anali kunena kuti munthu amene wacita cigololo akathira mcere m'ndiwo, kapena akayandikira wofooka asanakonzedwe ndi mankhwala, amamdula mnzace. Ndipo zizindikiro za wodulidwa zinali kupweteka m'cifuwa, kutsokomola, kulabvula magazi, kuonda ndi kutupa miyendo. Izi ndizo zizindikiro zenizeni za cifuwa cacikulu ndi nthenda ya pfumbi, ngakhale kutupa kwa miyendoko, kumene kumadza mtima ukatopa ndi kukankha magazi m'mapapo ouma. Anthu akale anaiona nthendayo molondola. Cimene analibe njira yocidziwira ndico pfumbi losaoneka la pansi pa dziko la eni. Mwambowo unali kumanga mwamuna ndi mkazi mofanana, pakuti mwamuna wacigololo nayenso amati amadula mkazi ndi ana. Koma zimene mwamuna anacita zaka ziwiri ku Joni panalibe mboni yace pamudzi, pamene mayendedwe onse a mkazi anali pamaso pa anthu: amene anamfolerera nyumba, amene anamperekeza kucigayo, amene anamlipirira msonkho. Cifukwa cace abale a wodwala akapita kukaombeza ula, dzina limene linali kuturuka kawirikawiri linali la iye amene anali kuphika phala.

Pamenepo nkhani inali kufika kwa ankhoswe. Ankhoswe ndiwo abale awiri kapena anai, a kucimuna ndi a kucikazi, amene anamanga ukwatiwo paciyambi, ndipo udindo wao sunali kutha kufikira ukwati utatha. Sanali kulipidwa kanthu. Anali kuyenda mitunda yaitali kukamva mbali zonse ziwiri, ndipo nkhoswe yanzeru inali kudziwa kufunsa funso limene linali kuziziritsa mitima: "Kodi inu, pamene munali kucoka kunchito, adotolo a kumeneko sanakuuzeni kanthu?" Amuna ena anali kubvomera kuti anabwezedwa cifukwa ca cifuwa, naonetsa cipepala cimene anabisa pansi pa bokosi cifukwa ca manyazi. Ena anali kukhala cete, mkazi nasenza mlandu.

Matenda akakula, alongo a mwamunayo anali kudza kudzampempha kuti akadwalire kwao, pakuti munthu ayenera kufera pakati pa mbumba yace. Mkazi anali kutsagana naye, nasiya munda wace m'manja mwa ana, nakadwazika pamudzi pamene iye tsopano ndiye anali mlendo. Maliro akacitika, atameta ndi kumsudzula, anali kubwerera kwao ndi ana ndi miphika yace; njinga, makina osokera ndi bokosi lacitsulo lija zinali kutsala kwa abale a mwamuna. Kumene kunali ukwati wa malowolo, monga kwa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka, mkazi anali kutsala pamudzi wa mwamuna pamodzi ndi ana, ndipo alamu ace anali kumthandiza kumunda. Koma pa mlandu wa matenda analibe mbale wace pafupi womuimira.

Banja lotere silikadatha zaka zitatu kapena zisanu pa lokha. Linali kucirikizidwa ndi nchito zambiri zosalipidwa, zimene sizinalembedwe m'buku la Boma liri lonse. Panali dima: mkazi anali kufulula mowa kapena thobwa, anansi nadza ndi makasu ao, munda wonse nupaliridwa tsiku limodzi, ndipo pa nyumba ya wodwala anthu anali kudza ngakhale thobwalo licepe. Panali kuzonda. Munthu wopita kumunda anali kupatuka, nakhala pansi pakhonde, nati, "Mwagona bwanji odwala?" Wodwala anali kuyankha kuti, "Ndagona pang'ono," ngakhale sanagone konse, ndipo wozondayo anali kusiya kambale ka ufa, dzira kapena mtolo wa nkhuni. Kusazonda wodwala kunali kucimwa kwakukulu, kwakuti munthu akadaganiziridwa nako ufiti. Panali anyamata onyamula macila, amene anali kusinthana mapewa usiku wonse kunka ku cipatala ca misyoni. Potsiriza panali adzukulu okumba manda, amene malipiro ao anali nsima ndi nkhuku ya pamaliro.

Mipingo inatenga mwambo wa kuzondawu niukonza mwadongosolo. Ku Nkhoma bungwe la amai la Cigwirizano linakhazikitsidwa caka ca 1940. Ku Blantyre kunali Mvano, ku Livingstonia Umanyano, ndipo kwa Akatolika kunali a Legio ya Maria. Amai amenewa anali kugawana midzi, napita awiriawiri kapena m'gulu ku nyumba za odwala. Pemphero linalipo, nyimbo zinalipo, koma cimene mkazi wotopa anali kukumbukira koposa ndico cakuti anali kumtungira madzi, kumsinjira cimanga, kumzirira nyumba ndi kucapa mabulangete a wodwala, iye nagona tulo masana kwa nthawi yoyamba pa mwezi wathunthu. Ambiri a amai ozondawo anali akazi a machona, kapena amasiye a cifuwa comweco, ndipo anali kudziwa pogwira popanda kuuzidwa.

Mankhwala enieni anafika mocedwa. Streptomycin anayamba kuciza anthu caka ca 1944, isoniazid caka ca 1952, ndipo dziko la Malawi linakhazikitsa nchito yace yolimbana ndi cifuwa cacikulu caka ca 1964. Kwa nthawi yoyamba cifuwa cinasanduka nthenda yocizika, koma kucira kwace kunali kwa caka cathunthu kapena caka ndi theka, kuyambira ndi majekiseni a tsiku ndi tsiku m'cipatala. Apa mkazi analandira dzina limene liripo mpaka lero m'zipatala zonse, la wodwazika. Anali kugona pansi, pambali pa kama kapena m'cisakasa ca kuseri kwa cipatala, kuphika pa mafuwa atatu ndi ufa wocokera kumudzi, ndi kuwerenga masiku a mvula amene munda wace unali kumera udzu. Ambiri anali kuthawitsa odwala ao mankhwala asanathe, ndipo madotolo anali kuwayesa osamva. Koma munthu amene nkhokwe yace iri kudikira khasu lace lokha sakadacita mwina. Caka ca 1984 kunayamba kaciritsidwe kafupi, ka miyezi 8, motsata njira ya Dr. Karel Styblo. Nthenda ya pfumbi yokha ndiyo inatsala monga inaliri: wocira cifuwa cacikulu anali kubwerera kumudzi akupumabe mwabefu.

Ulendo wa ku migodi unadukiza mwadzidzidzi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwao, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso caka ca 1977, koma mocepa, nikutheratu caka ca 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anchito. Pamenepo nkuti Edzi italowa kale m'dziko. Wodwala woyamba anapezeka caka ca 1985. Edzi imafooketsa thupi, cifuwa cacikulu nicipeza khomo lotseguka: odwala cifuwa olembedwa m'zipatala anali pafupi 5,000 caka ca 1985, koma pofika 2000 anaposa 20,000 pa caka. Zipatala zinadzaza kufikira anthu kugona pansi pa makama. Tsono Boma ndi mipingo anatembenukira ku cinthu cimene midzi inali kucita kuyambira kale. Anaphunzitsa anthu odzipereka osamalira odwala kunyumba, nawapatsa magolovesi, sopo, ndi njinga zokoka kangolo m'malo mwa macila. Ambiri a odziperekawo anali akazi, ndipo malipiro analibe. Ku Ncheu caka ca 1996 anayesa kulola odwala cifuwa kumwera mankhwala kwao, pamaso pa wodwazika amene anali kuconga pa khadi tsiku liri lonse, ndipo pofika 2001 njirayi inafalikira m'dziko lonse. Mkazi amene agogo ace anaimbidwa mlandu wa mcere anapatsidwa colembera ndi khadi la cipatala, nakhala mboni yodalirika ya Boma kuti mwamuna wace wameza mankhwala. Mankhwala aulere otalikitsa moyo wa odwala Edzi anayamba kuperekedwa caka ca 2004, ndipo kuyambira pamenepo odwala ogonera pamphasa zaka zambiri anayamba kucepa.

Mlandu wa pfumbi unafika kubwalo patapita zaka pafupi 100 ciyambire malamulo oyamba aja. Caka ca 2011 bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti Thembekile Mankayi, wanchito wa m'mgodi wa golide, anali ndi ufulu wosumira kampani imene anaigwirira nchito. Iye anamwalira masiku ocepa cigamuloco cisanawerengedwe. Potsatira pace anchito zikwizikwi anasuma pamodzi, ndipo caka ca 2019 bwalo la ku Johannesburg linabvomereza pangano la marandi 5 biliyoni, limene ndalama zace zimagawidwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Panganoli limakhudza amene anagwira nchito m'migodi yochulidwamo pakati pa 12 Marici 1965 ndi 10 Disembala 2019, a dziko liri lonse, pamodzi ndi amasiye ao. Amene anatsiriza nchito yao 1965 isanafike, monga ambiri a m'nthawi ya Lacey ndi Margaret Read, mulibe m'panganomo.

Wamasiye wofuna kulandira ayenera kuonetsa umboni wakuti mwamuna wace anagwira nchito pa mgodi wakutiwakuti, ndi wakuti anadwala kapena kufa ndi nthenda ya pfumbi kapena cifuwa cacikulu. Lamulo la South Africa la 1973 limalola kuti mtima ndi mapapo a wanchito womwalira zitumizidwe ku Johannesburg kukayezedwa. Koma amuna amene akukambidwa pano anafera pamphasa, naikidwa ndi adzukulu tsiku lotsatira, popanda dotolo kapena kalata ya imfa. Ukwati wao unamangidwa ndi ankhoswe, amene ambiri a iwo anatsikira kale kumanda. Citupa ca Wenela, ngati ciswe sicinacidye, cinali m'bokosi lacitsulo lija, limene linatsala kwa abale a mwamuna tsiku lomsudzula mkazi.